Akakuuzani kuti chiuno chanu chikufunika chitsulo, yambirani apa

Ululu wa chiuno umapusitsa kwambiri. Anthu ambiri akamati chiuno chikuwawa amagwira kumbuyo cha pamwamba pa matako, koma kumeneko nthawi zambiri vuto limakhala la msana. Jointi yeniyeni ya chiuno, pomwe fupa la ntchafu limalowa m'fupa la chiuno, ikayamba kuwonongeka imawawa kutsogolo, m'mphechepeche, ululuwo nkumatsikira pantchafu mpaka pabondo, ndipo ena amangomva bondo lokha basi, nkumalipaka mankhwala chaka chonse pomwe bondolo lilibe mlandu. Nde choyamba dziwani kaye komwe kukuwawa. Ngati mukuvutika kuvala sokosi kapena kuwenga zikhadabo zakumapazi, ngati mukadzuka pampando mumayamba mwaima kaye kudikira kuti mwendo ulole, ngati mwayamba kutsimphina ndipo anthu akumati mwendo umodzi ukuoneka wofupika, pitani akakujambuleni X-ray ya chiuno chonse, mbali zonse ziwiri pachithunzi chimodzi kuti adokotala athe kufanizira.

Kuti mumvetse zomwe azikuonetsani pachithunzipo, fumbatani dzanja limodzi, linalo mulikute pamwamba pake. Chofumbatacho ndiye mutu wa fupa la ntchafu, chokutacho ndiye kachikho ka m'fupa la chiuno. Pakati pawo pali kamnofu koyera, kolimba koma koterera, madokotala amati cartilage, ndipo ndi kameneka kamaletsa mafupa kukhulana. Kalibe mitsempha ya magazi, nde kakaperepeseka sikameranso. Pa X-ray kamnofuka sikaoneka, chomwe mumaona ndi mpata pakati pa mafupa awiriwo, mpatawo ukatha dziwani kuti fupa likukhula fupa linzake. Katundu yemwe jointi imeneyi imasenza si wamasewera. Ofufuza a ku Berlin anaika tizipangizo toyezera mkati mwa zitsulo zomwe anaikira odwala, nkupeza kuti munthu akamangoyenda bwinobwino chiuno chimasenza pafupifupi kawiri ndi theka kulemera kwa thupi lake lonse.

Funsani dzina la matendawo

Musachoke kwa adokotala ndi mawu oti chiuno chatha basi. Chatha ndi chiyani? Yankho lake limasintha chithandizo chonse.

Kwa akuluakulu ambiri imakhala nyamakazi ya kuperepeseka kwa jointi, osteoarthritis, imabwera pang'onopang'ono kwa zaka. Koma ngati muli ndi zaka 30 kapena 40 ndipo chiuno chayamba kuwawa kwambiri m'miyezi yochepa, funsani za avascular necrosis. Apa mutu wa fupa umafa chifukwa chosowa magazi, sinanga timitsempha todyetsa mutuwo timadutsa pakhosi pa fupa ndipo ndi tochepa, tikatsekeka palibe njira ina yokwanira. Zomwe zimadziwika kuti zimabweretsa vutoli ndi kumwa mankhwala a steroid monga prednisolone ambiri kwa nthawi yaitali, mowa wambiri, matenda a sickle cell, kuthyoka khosi la fupa kapena kuguluka chiuno pangozi, komanso limapezekako kwambiri mwa anthu omwe ali ndi HIV. Poyambirira X-ray itha kuoneka yabwinobwino pomwe MRI, njira ina yojambulira mkati mwa thupi mwatsatanetsatane, ikuonetsa kale vuto, ndipo nthawi zambiri limagwira mbali zonse ziwiri, nde mbali yosawawayo aziyezanso. Akalipeza mutu usanaphwanyike pena amangoboola kabowo m'fupa kuti achepetse kupanikizika mkatimo, ukaphwanyika ndiye basi nkhani ndi ya chitsulo, kutanthauza opaleshoni yoika jointi yochita kupanga m'malo mwa yowonongekayo.

Ana ndi nkhani ina. Khanda litha kubadwa ndi kachikho kosazama, mutu wa fupa nkumatuluka, zikadziwika m'miyezi yoyambirira malamba otchedwa Pavlik harness amakonza popanda opaleshoni, zikaphonyedwa ndi omwe amadzafuna chitsulo akadali achinyamata. Mwana wotsimphina wodandaula bondo, makamaka wa zaka zotha msinkhu wonenepa, ayezedwe chiuno. Ndipo mwana yemwe watentha thupi nkumakana kuponda mwendo apite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mafinya mu jointi amadya cartilage m'masiku ochepa chabe. TB nayonso imalowa m'chiuno, kwa ana ndi akulu omwe.

Fiyeta isanafike

Chitsulo sichikhala mpaka kale, nde si nzeru kuchithamangira. Yambani ndi mafizo olimbitsa minofu ya m'matako ndi ntchafu, chepetsani thupi ngati lachuluka, kumbukirani kawiri ndi theka kuja, kilo iliyonse yomwe mwatsitsa chiuno chimapumula kuposa kiloyo. Ndodo muziigwira dzanja la mbali yabwino, osati mbali yowawa, ambiri amalakwitsa pamenepa. Ibuprofen ndi diclofenac amathandiza koma kumwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi kumabweretsa zilonda zam'mimba nkuwononga impso, nde adokotala adziwe kuti mukumwa angati. Ndipo ndinene mosabisa, palibe mapilisi, ufa kapena jakisoni yemwe kafukufuku waonetsa kuti amameretsanso cartilage yomwe yatha m'chiuno, olo otsatsawo alankhule mokoma bwanji. Jakisoni wa steroid wa mu jointi amaziziritsa ululu kwa kanthawi, koma musabayitse kutatsala miyezi yosakwana itatu kuti muchitidwe opaleshoni chifukwa amakweza chiopsezo cha tizilombo.

Nanga nthawi imakwana liti? Osati X-ray ikaoneka moipa ayi. Pali anthu chithunzi chawo nchochititsa mantha koma akuyenda bwinobwino. Nthawi imakwana ululu ukamakudzutsani usiku, mukasiya ntchito ndi maulendo chifukwa cha mwendo, mankhwala ndi mafizo zitakanika. Pali fomu ya mafunso 12 yotchedwa Oxford Hip Score, inatuluka mu 1996, imafunsa za zinthu zatsiku ndi tsiku monga kukwera masitepe ndi kulowa m'galimoto. Ipezeni pa intaneti, muyankhe panopa, mudzayankhenso pakatha miyezi ingapo, muona nokha ngati mukutsika. Komanso musadikire mpaka kukhala chigonere, minofu ikafota kwambiri kuchira kumavuta.

Chitsulocho, ndipo apa ndikhalitsapo

Ndimakhumudwa ndikamva munthu akunyadira kuti amuikira chitsulo cha mtundu watsopano chomwe changotuluka kumene. Pankhani iyi chatsopano ndi chomwe palibe akudziwa kuti chidzakhala bwanji m'thupi pakatha zaka 10, ndipo mbiri ya opaleshoniyi yaonetsa zimenezi kangapo.

Yemwe anayala maziko a opaleshoni yomwe ikuchitika lero ndi John Charnley, dokotala wa mafupa wa pachipatala cha Wrightington ku England. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ankapanga kachikho ndi pulasitiki yotchedwa Teflon chifukwa choterera, odwala ankadzuka akusangalala ululu utatheratu, koma pasanathe zaka zambiri Teflon ija inaperepeseka, tizidutswa take nkutupitsa minofu ndi kudya fupa, odwala pafupifupi 300 anakhudzidwa. Mu 1962 anasintha nkuyamba kugwiritsa ntchito pulasitiki yolimba ya polyethylene m'malo mwa Teflon, pamodzi ndi zomwe anali nazo kale, kamutu kakang'ono kachitsulo ka mamilimita 22 ndi simenti ya mafupa yomwe anatengera kwa madokotala a mano. Anakonzanso fiyeta ya mpweya wosefedwa kuti achepetse tizilombo, ndipo ankapempha odwala ake kuti akadzamwalira amulole kudzachotsa chiunocho kuti aone mmene chakhalira. Bamboyu anaphunzira movutikira kuti zotsatira za chaka choyamba sizinena kanthu.

Chiuno chochita kuikira chili ndi zigawo izi: kamtengo kachitsulo kolowa mkati mwa fupa la ntchafu, kampira pamwamba pake, ndi kachikho kolowa m'fupa la chiuno komwe kamakhala ndi choyalamo chake. Pali mafunso awiri akuluakulu, chigwira bwanji kufupa, ndipo chizikhulana ndi chiyani.

Kugwira kufupa kuli pawiri. Pali kumata ndi simenti, yomwe si simenti yomangira ayi koma mtundu wa pulasitiki womwe umauma m'mphindi zochepa nkudzaza mpata pakati pa chitsulo ndi fupa. Pali kopanda simenti, pomwe chitsulo cha titanium chimakhala chokhakhala kunja kwake kuti fupa limerere nkuchigwira lokha. Zoti fupa limagwirana ndi titanium anazitulukira ndi Per-Ingvar Brånemark wa ku Sweden m'zaka za m'ma 1950, pomwe kachipangizo ka titanium komwe anaika m'fupa la kalulu pofufuza kayendedwe ka magazi kanakanika kuchoka. Anthu amaganiza kuti chopanda simenti ndiye chamakono nde chabwino, koma kwa okalamba omwe mafupa awo ndi ofooka cha simenti chimachita bwino, chifukwa chopanda simenti amachikhomera mothina ndipo fupa lofooka litha kung'aluka. Kamtengo ka simenti kotchedwa Exeter kanayamba kuikidwa mu 1970 ndipo mpaka lero ndi kamodzi mwa todalirika kwambiri. Kwa achinyamata a mafupa olimba ambiri amasankha chopanda simenti. Ena amasakaniza, kamtengo ka simenti kachikho kopanda, zonsezi ndi zovomerezeka malinga pakhale chifukwa chomveka chokhudza fupa lanu.

Pokhulanapo ndi pomwe pagona moyo wa chitsulo. Sitepe iliyonse imatulutsa tizidutswa tosaoneka ndi maso, thupi limalimbana nato, ndipo pankhondoyo fupa lozungulira chitsulo limasungunuka mpaka chitsulo kuyamba kugwedera. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kunabwera polyethylene yolimbitsidwa mwapadera, amati cross-linked, yomwe imaperepeseka pang'ono kwambiri, ndipo lero kampira kachitsulo kapena ka ceramic pa pulasitiki imeneyi ndi zomwe zili ndi umboni wolimba. Ceramic pa ceramic inzake imatha pang'ono zedi koma kwa ena imalira poyenda, ndipo mwa apo ndi apo imasweka.

Nde panabwera chitsulo pa chitsulo chinzake. Chinatsatsidwa kwambiri kwa achinyamata okonda masewera, amvekere sichitha. Chotchuka chinali ASR cha kampani ya DePuy, yomwe panthawiyo inali pansi pa Johnson & Johnson, ndipo chinaikidwa mwa anthu pafupifupi 93,000 padziko lonse. Tizidutswa ta cobalt ndi chromium tinkalowa m'minofu ndi m'magazi, minofu yozungulira chiuno nkumafa. Ku Australia chinachotsedwa pamsika mu 2009, ndipo mu August 2010 kampaniyo inachiitanitsa padziko lonse, ziwerengero za ku England ndi Wales zitaonetsa kuti anthu 12 mpaka 13 pa 100 alionse anafunika opaleshoni yachiwiri pasanathe zaka zisanu.

Chomwe chinaulula vutoli ndi kaundula. Mayiko ena amalemba chitsulo chilichonse chomwe chaikidwa, mtundu wake, ndi tsiku lomwe chinadzachotsedwa ngati chinachotsedwa. Sweden inayamba kaundula wa ziuno mu 1979, Australia inayamba wake mu 1999, England ndi Wales mu 2003. Kaundula alibe chomwe akugulitsa, amawerenga aliyense, opaleshoni za akatswiri ndi za ongoyamba kumene zomwe. Mu 2019 ofufuza a ku Bristol anasindikiza m'magazini ya zachipatala ya The Lancet zomwe anapeza ataphatikiza ziwerengero zamtunduwu: pa ziuno 100, pafupifupi 89 zinali zikadalipo patatha zaka 15, 70 patatha zaka 20, ndi 58 patatha zaka 25. Dziwani kuti zomwe zinafika zaka 25 zija zinaikidwa kale pulasitiki yabwino ija isanabwere. Komabe ngati muli ndi zaka 40 werengerani kuti opaleshoni yachiwiri itha kudzakupezani, ndipo yachiwiri imakhala yaikulu ndi yovuta kuposa yoyamba chifukwa fupa limakhala litachepa.

Bungwe la NICE la ku England linaika mulingo mu 2014 woti chitsulo chovomerezeka chikhale chomwe anthu osaposa 5 pa 100 amafuna opaleshoni yachiwiri m'zaka 10. Palinso gulu lotchedwa ODEP lomwe limapereka magiredi kwa zitsulo, nambala imanena zaka zomwe chatsatidwa, chilembo chimanena mphamvu ya umboni, nde 10A ikutanthauza zaka 10 za umboni wolimba. Aliyense atha kulemba dzina la chitsulo pa intaneti nkuona giredi yake, olo mukukhala dziko liti, chifukwa makampani ake ndi omwewo.

Wina akakuonetsani kafukufuku woyamikira chitsulo chinachake, yang'anani kaye kuti odwalawo anatsatidwa zaka zingati. Zaka ziwiri si kanthu, Teflon ija ndi ASR zonse zinkaoneka bwino poyamba. Onani kuti anali anthu angati, analipira kafukufukuyo ndani, ndipo olembawo si omwe anapanga nawo chitsulocho? Onaninso ngati anachifanizira ndi china chodziwika kale kapena angochiyamikira chokha. Ndipo mawu oti chitsulo chikadalipo amangotanthauza kuti sichinachotsedwe, sakutanthauza kuti mwiniwake sakumva kuwawa, nde kafukufuku wabwino amafunsanso odwala eniake mmene akumvera.

Kwa adokotala pitani ndi pepala ndi cholembera, pitaninso ndi m'bale woti azimva nawo. Safunsa anadya phula. Funsani dzina lenileni la chitsulo ndi kampani yake, chakhala chikuikidwa zaka zingati, cha simenti kapena ayi ndipo chifukwa chiyani kwa inuyo, pokhulanapo pali chiyani. Funsani mwaulemu kuti iwowo amachita maopaleshoni otere angati pachaka, chifukwa kafukufuku amaonetsa kuti ochita pafupipafupi mavuto awo amachepa, ndipo dokotala wodziwa ntchito sakwiya ndi funso limeneli. Funsani kuti adzalowera kumbuyo, m'mbali kapena kutsogolo kwa chiuno, osati kuti musankhe inu ayi, njira yabwino ndi yomwe dzanja lawo linazolowera, koma chifukwa malamulo akuchira amatsatira pamenepo. Ndipo funsani kuti pakadzavuta, opaleshoni yachiwiri idzachitikira kuti, makamaka ngati mukukachitira kutali ndi komwe mumakhala.

Konzani thupi ndi nyumba

Mdani wamkulu wa chitsulo ndi tizilombo, nde kukonzekera kwambiri ndi kotseka njira zake. Fodya siyani, WHO inanena mu 2020 kuti kusiya milungu inayi kapena kuposa opaleshoni isanachitike kumachepetsa mavuto a chilonda ndi a mapapo. Shuga atsike kaye, olo zitanthauze kusuntha tsiku. Dzino lobooka, chilonda chapamwendo, chithupsa, matenda a mkodzo, zonsezi zichire kaye. Ayezeni magazi, ngati ndi ochepa awonjezereni ndi mankhwala nthawi ikadalipo. Auzeni mankhwala onse omwe mumamwa makamaka osungunula magazi monga warfarin, ndipo a BP ndi ma ARV musasiye panokha, akuuzani okha oti mudumphe ndi oti mupitirize. Ngati muli ndi sickle cell, timu yonse idziwe msanga chifukwa pamafunika dongosolo lapadera la magazi, madzi ndi okosijeni. Musadzimete ndi lezala pamalo oti adzang'ambe, timabala ta lezala timasunga tizilombo.

Kunyumba pezani mpando wokwera wokhala ndi mogwira manja, bedi losatsika kwambiri, ndi chokwezera chimbudzi, kunjuta kukhala kosatheka kwa kanthawi ndithu. Chotsani zingwe ndi timakapeti totha kukupunthwitsani. Phunzirani kuyenda ndi ndodo ziwiri panopa mwendo usanang'ambidwe, ndipo pakhale munthu wokhala nanu milungu iwiri yoyambirira.

Opaleshoni yeniyeniyo imatenga ola limodzi kapena awiri, ambiri amabayidwa jakisoni wa pamsana woziziritsa kuyambira m'chiuno kutsika.

Mukatuluka ku fiyeta

Akakuuzani kuti imirirani tsiku lomwelo kapena mawa lake musaone ngati nkhanza. Kugona ndi komwe kumabweretsa magazi oundana m'mitsempha ya mwendo, chibayo ndi zilonda zapamsana. Muli pabedi muzipinda ndi kuwongola mapazi pafupipafupi kuti magazi aziyenda. Mankhwala oletsa magazi kuundana amapitirira pafupifupi mwezi wathunthu, malizani onse olo mukumva bwino. Opha ululu imwani musanayambe mafizo, osadikira kuti ululu ufike pachimake.

Ngati analowera kumbuyo, mwina akupatsani malamulo a milungu isanu ndi umodzi kapena kuposa: bondo lisakwere kuposa chiuno mukakhala pansi, osapingasa miyendo, osapotozera phazi mkati, osawerama kutola chinthu pansi, pogona chammbali ikani pilo pakati pa miyendo. Cholinga nchoti kampira kasaguluke minofu isanapole. Kafukufuku waposachedwa akuonetsa kuti si aliyense amafunika malamulo onsewa, nde zipatala zina zinawafewetsa, koma inu tsatirani omwe anakung'ambani, ndi omwe anaona mmene chiunocho chakhazikikira. Pamasitepe, pokwera mwendo wabwino utsogole, potsika ndodo ndi mwendo wa opaleshoni zitsogole. Polowa m'galimoto yambani mwakhala kaye, kenako mulowetse miyendo yonse pamodzi.

Chilonda chikhale chouma, osachigwiragwira, ulusi kapena timawaya amachotsa pakatha masiku 10 mpaka 14. Mwendo kutupa madzulo kwa miyezi ingapo ndi zachizolowezi. Ambiri amamva ngati mwendowo watalika, nthawi zambiri ndi chifukwa thupi linazolowera kupendekeka kwa zaka, musathamangire kukweza nsapato, dikirani miyezi itatu kaye muone. Kuyendetsa galimoto ambiri amayambiranso cha pa milungu isanu ndi umodzi, akatha kuponda buleki mwadzidzidzi osamva kuwawa, ndipo za m'banja nazonso cha pomwepo, osachita manyazi kufunsa a mafizo kagonedwe kotetezeka.

Mafizo musawasiye ululu ukangotha. Minofu ya m'mbali mwa matako ndi yomwe imagwira chiuno kuti chisagwere mbali mukaponda mwendo umodzi, inafota zaka zonse munkatsimphina zija ndipo opaleshoni siibwezeretsa. Ambiri omwe amatsimphinabe pakatha chaka, chitsulo chawo chilibe vuto, ndi minofuyi. Kuyenda, kusambira ndi njinga ndi zabwino. Kudumpha, kuthamanga mitunda italiitali ndi kusenza zolemera kwambiri tsiku ndi tsiku kambiranani kaye ndi adokotala.

Izi zikachitika osagona nazo

Katumba watupa, watentha ndipo akuwawa, kapena mwadzidzidzi mukubanika ndi kumva kuwawa pachifuwa, thamangirani kuchipatala, atha kukhala magazi oundana ndipo akafika m'mapapo amapha. Mwamva kuphokosoka, ululu woopsa, mwendo wafupika nkupotoka, ndiye kuti chaguluka, musalole wina aliyense akukokeni kunyumba.

Koma chomwe ndikufuna mumvetsetse kwambiri ndi cha tizilombo. Zimachitikira pafupifupi munthu mmodzi pa 100, si ambiri, koma zikachitika nthawi ndi chilichonse. Chitsulo chilibe magazi, nde tizilombo tikamatirirapo timadzikuta ndi kansalu koterera kotchedwa biofilm komwe mankhwala salowamo bwino. Zikadziwika m'milungu yoyambirira amatha kutsegula, kutsuka, kusintha kampira ndi choyalamo, chitsulo chachikulu nkupulumuka. Mukachedwa amachotsa zonse, pena mumakhala milungu yambiri ndi chogwirizira cha simenti ya mankhwala kudikira kuti adzaikenso china. Nde chilonda chikamachucha madzi kapena mafinya, chikafiira, thupi likatentha, kapena ululu womwe unatha ukabwerera, bwererani kwa omwe anakuchitani opaleshoni. Ndipo chonde chonde musayambe kumwa ma antibiotic panokha, olo wina wachifundo akupatseni. Amabisa tizilombo osatipha, nde adokotala akatenga madzi a mu jointi kukayeza sapeza kanthu, nkusowa kuti akulimbana ndi kachilombo kati.

Agogo akagwa nkulephera kudzuka

Iyi si nkhani yokonzekera miyezi ngati ija. Wokalamba akagwa, mwendo nkuoneka wofupika, phazi litagonera kunja, ndiye kuti mwina khosi la fupa la ntchafu lathyoka, ndipo pena amatha kupondako pang'ono fupa lili lothyoka, nde ululu wa m'mphechepeche pambuyo pakugwa ufunika X-ray basi. Malangizo a NICE amati opaleshoni ichitike tsiku lomwe wafika kuchipatala kapena mawa lake. Achibale ambiri amaopa kuti agogo sangapirire fiyeta, ndipo manthawo ndi omveka, koma kugona miyezi pabedi ndi koopsa kuposa. Ziwerengero zakale za ku England zinaonetsa kuti pafupifupi mmodzi pa 10 ankamwalira pasanathe mwezi ndipo mmodzi pa atatu pasanathe chaka, ambiri chifukwa cha matenda ena omwe anali nawo kale ndi omwe amabwera ndi chigonere. Malinga ndi pomwe pathyoka, amamanga ndi masikuluwu ndi chitsulo, kapena amasintha mutu wokha kusiya kachikho kachilengedwe, kapena kusintha zonse ngati munthuyo anali woyendayenda. Akachira funsani za mankhwala olimbitsa mafupa monga alendronate ndi vitamini D, chifukwa yemwe wathyoka kamodzi mbali inayo ili pachiopsezo.

Pepala la chitsulo chanu

Chigawo chilichonse chimabwera m'bokosi lokhala ndi sitika ya dzina, saizi ndi nambala, ndipo masitikawo amamatidwa m'faelo yanu. Musanatuluke m'chipatala pemphani kope, mulijambule pafoni, mutumizirenso m'bale. Kampani ikadzaitanitsa mtundu wina ngati zinachitikira ASR, mudzadziwa pompo ngati zikukukhudzani, ndipo dokotala wodzachita opaleshoni yachiwiri zaka 15 zikubwerazo adzafunika kudziwa zida zoti akonze asanakung'ambeni. Sungani X-ray yoyamba ya pambuyo pa opaleshoni chifukwa zonse zamtsogolo azidzafanizira ndi imeneyo. Pa eyapoti makina atha kulira, mungowauza. MRI imatheka ndi zitsulo zambiri za masiku ano koma nenani musanalowe.

Ku chekapu muzipita olo musakumva kalikonse, chifukwa fupa lozungulira chitsulo limatha kusungunuka mwakachetechete kwa zaka, ndipo zikaoneka msanga pena amangosintha choyalamo chokha. Funsani adokotala anu kuti muzijambulitsa patapita nthawi yaitali bwanji, mulembe tsikulo. Ngati munaikidwa kale chitsulo pa chitsulo, kapena simukudziwa chomwe muli nacho, bwererani kuchipatala komwe munachitira mukafunse faelo yanu, ndipo zikapezeka kuti ndi chimenecho pemphani kuti akuyezeni cobalt ndi chromium m'magazi komanso kujambula minofu yozungulira chiuno.